Kwa Abale Amene Mwafikira M'midzi ya ku England: Tchalitchi, Holo ndi Eni Mudzi

Amalawi ambiri amene abwera ku England m'zaka zaposachedwapa sanafikire ku London, ku Manchester kapena ku Birmingham monga mmene ankaganizira akadali kumudzi. Ntchito, makamaka ya m'nyumba zosamalira okalamba, yawaponya m'timidzi tozunguliridwa ndi minda ya tirigu ndi mabusa a nkhosa, kumene basi imadutsa kawiri kapena katatu pa tsiku ndipo Lamulungu siioneka n'komwe. Ine ndakhala zaka zambiri m'mudzi wina wa kumpoto kwa Warwickshire, ndipo zimene ndikulembazi ndi za inu amene mwangofika kumene m'malo otere, mukusuzumira pawindo n'kumadzifunsa kuti kodi eni mudziwu ali kuti. Anthu alipo, ndipo moyo wothandizana ulipo, koma sudzabwera kudzagogoda pakhomo panu. Kuno munthu amalowa m'gulu pooneka pamalo amodzi mobwerezabwereza ndi kunyamula kantchito kakang'ono kamene ena angamudalire nako, ndipo khomo losavuta kuloweramo, ngakhale kwa munthu amene si wa mpingo umenewo, ndi tchalitchi cha pamudzi.

Choyamba tichotse chithunzi cha mudzi chimene tinabwera nacho. Mudzi wa kuno ulibe nyakwawa, ulibe bwalo la milandu, ndipo okhalamo ambiri si pachibale. Nyumba zake nthawi zambiri zimadula kuposa za m'tauni, ndipo eni ake ndi anthu opuma pantchito, kapena olawirira pa galimoto kukagwira ntchito mumzinda, pamodzi ndi mabanja ochepa a alimi amene makolo awo agona m'manda a pafupi ndi tchalitchi. Mukakumana ndi munthu m'kanjira akuyendetsa galu wake, adzakupatsani moni wachidule, mwina n'kuwonjezapo mawu awiri onena za mvula kapena kuzizira, kenako n'kupitirira. Sadzafunsa za ana anu, za amayi anu kapena mmene mwadzukira, ndipo inu mukamufunsa zonsezo pa tsiku loyamba adzadabwa. Kungotulukira pakhomo pa munthu osapangana naye ndi chinthu chimene sachita, ngakhale pakati pa anthu amene akhala moyandikana zaka makumi awiri. Obwera kumene ambiri amaona ngati akudedwa, koma Mngelezi amakhulupirira kuti kukusiyani muli phee m'nyumba mwanu ndiko kukulemekezani, ndipo mukapanda kumvetsa zimenezi mudzataya chaka chathunthu mukusungira mangawa anthu amene sanakulakwireni. Nkhani ya nyengoyo musaipeputse. Muziiyankha bwinobwino, chifukwa macheza onse a kuno amayambira pamenepo.

Tchalitchi chamiyala chimene nsanja yake mumaiona pakati pa mudzi ndi cha Church of England, mpingo wa Anglican umene ndi wokhazikitsidwa ndi malamulo a dziko ndipo mfumu ndiyo mkulu wake woyang'anira. Dziko lonse la England linagawidwa m'maparishi, motero kulikonse kumene mwachita lendi muli kale m'parishi inayake, ndipo wansembe wa pamenepo ali ndi udindo pa aliyense wokhalamo, kaya ndi wa Katolika, wa CCAP, wa Seventh Day, Msilamu kapena wosapemphera. Mukhoza kumupempha kuti abatize mwana wanu, kuti adzaone wodwala, kapena kuti ayendetse mwambo wa maliro, osafunsidwa kalata ya mpingo kapena khadi la chopereka. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti wodulidwa mumpingo saimbiridwa nyimbo pa maliro ake, zimenezi n'zachilendo, koma ndi mmene zilili.

Lamulungu lanu loyamba mwina mudzakhumudwa, ndipo ndi bwino ndikuchenjezeni. M'nyumba imene inamangidwa zaka 600 kapena 700 zapitazo kuti muzilowa mudzi wonse, mudzapezamo anthu khumi ndi asanu kapena makumi awiri, ambiri a imvi, atakhala motalikirana aliyense pa benchi yake ya masiku onse. Mapemphero amayamba pa nthawi yeniyeni imene yalembedwa ndipo amatha ola limodzi likangokwana. Ulaliki suposa mphindi khumi ndi zisanu. Nyimbo amaimba motsitsa mawu, osaomba m'manja, osasuntha phazi. Kalembera wa 2021 anasonyeza kuti anthu a ku England ndi Wales amene amadzitchula Akhristu anali 46.2 peresenti, kutsika kuchoka pa 59.3 peresenti mu 2011, ndipo mwa amenewo ochepa kwambiri ndi amene amapita ku tchalitchi sabata ndi sabata. Chifukwa cha kuchepa kwa anthu ndi ndalama, wansembe mmodzi amagawidwa pakati pa matchalitchi anayi, asanu, pena oposa pamenepo, motero mapemphero sachitika nthawi yofanana sabata iliyonse. Sabata ino akhoza kukhala pa mudzi wanu 9:30 m'mawa, sabata yamawa pa mudzi wina 11 koloko, ndipo ina n'kukhala mapemphero a madzulo otsogozedwa ndi mkhristu wamba pogwiritsa ntchito buku lakale la 1662 limene Chingelezi chake chimavuta ndi eni ake omwe. Werengani chikwangwani cha pa geti la tchalitchi, ndipo kamagazini ka parishi kamene amakaponya pa chitseko chanu musakataye pamodzi ndi mapepala a malonda. Valaninso jekete lokhuthala, chifukwa makoma amiyala amenewa amasunga chisanu ndipo kuwatenthetsa kumadya ndalama zimene mpingo ulibe. Wansembeyo akhoza kukhala mayi, pakuti mpingowu unayamba kudzoza amayi mu 1994, ndipo anthu amamuitana ndi dzina lake loyamba, chinthu chimene lilime la Mmalawi limatenga nthawi kuti lichizolowere.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa kuweruza. Timaona mabenchi opanda anthu n'kunena kuti mpingowu ndi wakufa, ndipo ena amafika ponena zimenezi pamaso pa eni ake, kapena kudzipereka pa sabata yachiwiri kuti awaphunzitse kupemphera. N'zoona kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma amayamba wakhala pansi n'kumva za pamudzipo. Gogo amene wakhala chete pa benchi yachitatu mwina ndi amene wakhala akutsegula ndi kutseka tchalitchicho tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu, amayendera odwala, amatengera anzake ku chipatala pa galimoto yake, ndipo sanaimepo kutsogolo kuchitira umboni za zimenezi. Chikhulupiriro cha anthu amenewa sichituluka pakamwa kawirikawiri. Munthu amachiona akakhala nawo nthawi.

Mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Kumbuyo kwa tchalitchi, pafupi ndi mwala wobatizira, kumakhala tebulo lokhala ndi ketulo yaikulu yamagetsi, makapu osiyanasiyana amene anthu anapereka, ndi mbale ya mabisiketi. Mphindi makumi awiri za tiyi ameneyu n'zimene zimamanga mudzi. Mudzaima ndi kapu m'manja, wina adzakuyandikirani n'kufunsa ngati mwangobwera kumene, wina adzanena kuti mchemwali wake anakaphunzitsapo ku Zomba kapena kuti anapitako ku Kenya, ndipo macheza adzathera pomwepo. Sabata yotsatira adzakumbukira dzina lanu, ngakhale alitchule mokhota. Sabata yachitatu kapena yachinayi, anthu akayamba kubalalika, nyamulani makapu angapo mupite nawo kosukira, mutenge kansalu muyambe kupukuta, osadikira kupemphedwa, ndipo abambo ndikunena ndi inu nomwe, chifukwa kuno mkulu wopuma pa ntchito ya udokotala amatsuka makapu popanda womuseka. Pa sinki pamenepo ndi pamene ndinamva koyamba za munthu wogulitsa galimoto yotchipa koma yabwino, za dokotala wa mano amene ankalandirabe odwala atsopano, ndi za nyumba imene inali pafupi kutuluka lendi. Nkhani zotere sizilembedwa pa chikwangwani chilichonse.

Chinthu chilichonse cha pamudzi chimayenda ndi ndandanda wa mayina wopachikidwa pakhoma: wowerenga mawu, wotsogolera mapembedzero, wolandira anthu pakhomo ndi kugawa mabuku a nyimbo, wokonza maluwa, wosesa, wotchetcha udzu ku manda, wophika tiyi. Dzina lanu likangolowa pa ndandanda umodzi, mwasiya kukhala mlendo, chifukwa tsopano pali tsiku limene mukapanda kubwera anthu adzakusowani. Sankhani ntchito imodzi yokha, yogwirizana ndi mashifiti anu. Ambiri mwa inu mumagwira ntchito Lamulungu kapena usiku, ndipo palibe amene adzakudzudzuleni pa zimenezo mukanena poyera kuti mungathe kubwera kamodzi pa mwezi. Chimene sakhululuka msanga ndi kuvomera kenako osaoneka. Kwathu kuvomera pamaso pa akulu ndi ulemu, ndipo timadziwana kuti “ndiyesetsa” nthawi zina ndi kukana. Kuno ukavomera amalemba m'buku, ndipo ukalephera umayenera kuimba foni masiku angapo zisanachitike ndi kusinthana ndi mnzako wa pa ndandandawo. Munthu amene wasunga kalonjezo kakang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi amapeza anthu okonzeka kumulembera kalata yomuchitira umboni pofuna nyumba kapena ntchito ina. Amene ali ndi mawu abwino alowe kwaya ngati ilipo, ndipo amene akufuna chinthu chachilendo akwere nsanja pa tsiku limene oimba mabelu amaphunzira, chifukwa pafupifupi kulikonse akusowa manja atsopano ndipo amaphunzitsa mwaulere.

Sindikunena kuti musiye mpingo wanu. A CCAP adziwe kuti mpingo wa Presbyterian wa ku England unaphatikizana ndi wa Congregational mu 1972 n'kupanga United Reformed Church, ndipo matchalitchi ake amapezeka kwambiri m'matauni. M'midzi ina muli kachisi wa Methodist, ngakhale ambiri anatsekedwa n'kusandutsidwa nyumba zogona. A Katolika kawirikawiri amayenera kupita ku tauni yapafupi kukachita Misa. Malamulo a Church of England amalola munthu wobatizidwa amene amadya mgonero mumpingo wake wokhulupirira Utatu Woyera kuti adye nawo mgonero, ndipo amene chikumbumtima chake sichimulola akhoza kupita kutsogolo kukangolandira madalitso. Ndikudziwa njala ya kuimba m'Chichewa, ya kwaya yovina, ya nsima ndi anzathu pambuyo pa mapemphero, ndipo ndi bwino kupita ku Birmingham, ku Coventry kapena ku Leicester nthawi ndi nthawi kukakumana ndi abale. Chimene ndikutsutsa ndi kuthera Lamulungu lililonse pa msewu, mafuta ndi ndalama za sitima zikupita, pamene pa mudzi umene mumagona palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lanu. Tsiku limene mwana adzatentha thupi pakati pa usiku galimoto itakana kulira, mbale wa ku Birmingham adzakupemphererani pa foni, koma wokutengerani ku chipatala ndi wa nyumba yoyandikana nayo.

Pali mabungwe awiri amene mayina awo amasokoneza obwera kumene. Parochial Church Council ndi komiti yoyendetsa tchalitchi, yokhala ndi wansembe, akuluakulu awiri osankhidwa chaka ndi chaka otchedwa churchwarden, ndi akhristu ena. Imasankhidwa pa msonkhano wapachaka umene umachitika pasanafike pa 31 Meyi, ndipo kuti mukavote muyenera kulembetsa m'kaundula wa mpingo, zimene zimafuna kuti mukhale wobatizidwa, wa zaka 16 kapena kuposa, ndiponso wa Anglican wokhala m'parishimo, kapena wopemphera pamenepo kwa miyezi isanu ndi umodzi amene wavomera kukhalanso membala wa Church of England. Parish council ndi ina: ndi khonsolo ya boma ya pamudzi, imene lamulo la 1894 linailekanitsa ndi mpingo, ndipo imaona za bwalo la masewero a ana, mabenchi, timinda tobwereketsa ndi kupereka maganizo pa mapulani a nyumba zatsopano. Ndalama zake zimachokera pa kagawo ka msonkho wa khonsolo umene inu mukulipira kale. Misonkhano yake ndi yotsegukira aliyense, kawirikawiri imachitikira mu holo ya pamudzi, ndipo ambiri sadziwa kuti Mmalawi kapena Mzambia amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno ali ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota, chifukwa maiko athu ali mu Commonwealth. Pitani kamodzi mukamve. Mudzapeza anthu akukangana ola lathunthu za liwiro la magalimoto kapena za ndowe za agalu, koma mudzatuluka mukudziwa amene mawu ake amamveka pamudzipo.

Za chopereka ndinene mwachidule. Boma silipereka ndalama zoyendetsera tchalitchi. Anthu ochepa aja ndi amene amalipira magetsi, inshuwalansi, kukonza denga, ndi gawo limene parishi imatumiza ku dayosizi kuti wansembe alandire malipiro. Palibe kuitana mayina, palibe kupikisana kwa milaga kapena miphakati, ndipo kufunsa mnzako kuti wapereka zingati ndi mwano. Ambiri amapereka kudzera ku banki mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake mbale ikhoza kudutsa anthu osaponyamo kanthu. Ngati mumalipira msonkho pa malipiro anu, lembani fomu ya Gift Aid, pakuti pa paundi iliyonse imene mwapereka boma limawonjezapo 25 pensi popanda inu kutayapo kanthu. Perekani molingana ndi thumba lanu. Eni ake amadziwa kuti muli ndi sukulu fizi ndi feteleza zokudikirani kumudzi.

Ngakhale mabenchi amakhala opanda anthu masabata ambiri, pali masiku amene mudzi wonse umatulukira, ndipo amenewa musawaphonye. Kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala kumakhala mapemphero a masika, mwambo umene m'maonekedwe ake a lero unayambitsidwa ndi wansembe Robert Hawker ku Morwenstow m'dera la Cornwall mu 1843. Mawindo amakongoletsedwa ndi maungu, maapozi ndi mitolo ya tirigu, koma zopereka zenizeni ndi zakudya za m'zitini ndi mapaketi zimene zimapita kumalo othandizirako mabanja osowa chakudya, pakuti umphawi uliko ngakhale kuseri kwa mipanda yokongolayi. Madzulo ake kumakhala chakudya cha pamodzi mu holo, ndipo mukabweretsa mandasi kapena mpunga wa Kilombero mbale idzabwerera yopanda kanthu. Disembala ali ndi mapemphero a nyimbo za Khrisimasi ndi mwambo wa ana wa Christingle, umene mwana aliyense amanyamula lalanje lobayidwa kandulo. Tsiku la anakubala la kuno si 15 Okutobala ngati kwathu. Limagwa Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti, ndipo ana amapatsidwa timitolo ta maluwa achikasu kuti akapatse amayi awo. M'chilimwe mumakhala chisangalalo cha pabwalo chopezera ndalama, chokhala ndi matebulo a makeke, mbewu za maluwa ndi mabuku akale, ndipo okonza ake nthawi zonse amasowa anthu onyamula mipando.

Tsiku limene ndimalilemekeza koposa ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, lokumbukira amene anafa pa nkhondo. Anthu amasonkhana pa chipilala cha pakati pa mudzi atavala duwa lofiira la pepala pachifuwa, mayina a anyamata a pamudzipo amene sanabwerere amawerengedwa limodzi ndi limodzi, ndipo 11 koloko ikakwana onse amakhala chete mphindi ziwiri, magalimoto ataima. Mukamvetsera mudzazindikira kuti mayina ena ndi a mabanja amene aima nanu pomwepo. Inu musaime patali ngati oonerera. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo yoyamba kum'mawa kwa Africa ndipo pa yachiwiri anafika mpaka ku Burma, anthu athu ambirimbiri anafa akunyamula mtengatenga, ndipo nsanja yowakumbukira ikadalipo ku Zomba. Angelezi ambiri a pamudzi sazidziwa zimenezi, ndipo mukawafotokozera modekha pa tiyi amamvetsera ndi chidwi chenicheni.

Ubale wina ndi wa mpingo weniweniwo. Amishoni a UMCA amene anafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, n'kudzamanga pambuyo pake tchalitchi chachikulu cha St Peter pa chilumba cha Likoma, anatumidwa ndi mpingo womwewu. Dayosizi ya Birmingham, imene imafika mpaka m'midzi ina ya kumpoto kwa Warwickshire, yakhala pa ubale ndi mpingo wa Anglican wa ku Malawi kuyambira mu 1966, motero m'dera lino si zachilendo kumva Malawi akutchulidwa m'mapembedzero. Bungwe la Mothers' Union, limene amayi athu a Anglican amalivalira yunifolomu monyadira, linayambira m'mudzi ngati womwewu, ku Old Alresford m'dera la Hampshire, pansi pa Mary Sumner mu 1876, ngakhale kuti lero nthambi zake za kuno n'zazing'ono ndipo sizivala yunifolomu. Amayi amene anazolowera Mvano kapena Chigwirizano akhoza kuyesanso Women's Institute, gulu losakhala la mpingo limene limakumana mu holo kamodzi pa mwezi.

Amene muli ndi ana muli ndi njira yachidule. Pafupifupi sukulu imodzi mwa sukulu zinayi zilizonse za pulayimale ku England ndi ya Church of England, ndipo m'midzi nthawi zambiri ndiyo sukulu yokhayo. Ndi yaulere ndipo imalandira ana a zipembedzo zonse. Pa geti la sukulu, pokasiya ndi pokatenga ana, ndi pamene makolo amadziwana. Koma pa nkhani ya ana pali malamulo amene muyenera kuwatenga mozama. Aliyense wofuna kuphunzitsa Sande sukulu kapena kuthandiza gulu la ana amayenera kufufuzidwa mbiri yake kudzera ku DBS, bungwe la boma loona ngati munthu anapalamulapo mlandu, ndi kuchita maphunziro a chitetezo cha ana, ndipo parishi iliyonse ili ndi munthu woyang'anira zimenezi amene dzina lake limapachikidwa pakhomo. Musaone ngati akukukayikirani chifukwa cha khungu. Mpingowu unachita manyazi aakulu ndi milandu ya nkhanza kwa ana imene inabisidwa, ndipo lamuloli limagwira aliyense. Mwana wa mnzanu si wanu mwa njira imene tinazolowera: musamunyamule, musamujambule, musamudzudzule mwaukali kapena kumukweza galimoto makolo ake osadziwa. Ndipo wanu yemwe akapita ku sukulu ndi zipsera za chikwapu, aphunzitsi ali ndi udindo wokanena kwa a zachisamaliro cha ana.

Maliro ndi amene amatisokoneza mtima koposa. Munthu akamwalira pa nyumba yoyandikana nanu simudzamva kulira, simudzaona masamba pa msewu kapena moto wa pasiwa, ndipo mwina mudzadziwa patapita sabata powerenga kamagazini kaja. Thupi limatengedwa ndi kampani yoona za maliro, mwambo umachitika patapita masabata awiri kapena atatu, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amawotchedwa m'malo moikidwa m'manda. Kukakhala pansi m'nyumba ya namfedwa tsiku lonse, kumene kwathu ndi udindo, kuno kukhoza kumulemetsa, chifukwa adzaona kuti ayenera kukuphikirani tiyi ndi kukuchezetsani. Chipepeso cha ndalama m'manja sachidziwa. Chimene amachita ndi kulemba khadi ndi dzanja, mawu ochepa otchula chabwino chimodzi chimene ukukumbukira za malemuyo, n'kuliponya pa chitseko. Mukhoza kusiya mphika wa chakudya pakhomo, kunena mawu awiri n'kubwerera. Ku mwambo wa m'tchalitchi aliyense akhoza kupita pokhapokha banja litanena kuti ndi wa abale okha, ndipo pambuyo pake anthu amakadya masangweji mu holo kapena ku pub, malo omwera ndi kudyera a pamudzi, akuseka ndi kukamba nkhani za malemuyo. Koma pali mphatso imene ife tili nayo imene kuno ikusowa: patatha mwezi, makadi atasiya kubwera ndipo ana atabwerera ku mizinda yawo, mayi wamasiyeyo amatsala yekhayekha m'nyumba. Kumugogodera nthawi imeneyo, mutapangana naye, ndi kukhala naye theka la ola sabata ndi sabata, n'chinthu chimene sadzaiwala. Za ife eni, kutumiza thupi ku Malawi kumadya mapaundi masauzande angapo, motero lowani gulu la Amalawi lothandizana pa maliro kapena gulani inshuwalansi mukadali bwino, ndipo muuze banja lanu kumene mukufuna kukagona.

Ofuna kumanga ukwati m'tchalitchi cha pamudzi akaonane ndi wansembe msanga, chifukwa munthu amene ali pa viza sangadutse njira yongolengeza ukwati m'tchalitchi masabata atatu monga amachitira eni dziko. Amayenera kukapereka chidziwitso ku ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kudikira masiku 28, amene akhoza kutalikitsidwa mpaka 70 a zolowa ndi kutuluka akafuna kufufuza.

Sindingakunamizeni kuti tsankho kulibe. M'midzi yambiri mudzakhala munthu wakuda yekhayo, mudzayang'anidwa m'sitolo, ndipo mudzafunsidwa mafunso otopetsa, monga ngati kwanu kuli magetsi kapena kumene munaphunzira Chingelezi chabwino chotere. Ambiri mwa mafunso amenewa amachokera ku umbuli osati ku njiru, ndipo yankho lodekha limawathetsa. Koma kutukwanidwa, kuopsezedwa kapena kuonongeredwa katundu chifukwa cha mtundu wanu ndi mlandu, ndipo muyenera kuimbira apolisi pa 101, kapena pa 999 ngati moyo uli pa chiswe. Viza yanu siiwonongeka chifukwa chodandaula. Mpingo nawonso si woyera pa nkhaniyi: mu 2020 msonkhano wake waukulu unapepesa chifukwa cha mmene unakankhira kunja Akhristu akuda amene anabwera kuchokera ku Caribbean nkhondo yachiwiri itatha. Mukaona kuti pa tchalitchi china mwapita miyezi ingapo popanda wokulankhulani, uzani wansembe mosabisa, ndipo zikapanda kusintha yesani cha mudzi wotsatira, pakuti mzimu wa matchalitchi awiri otalikirana makilomita atatu ukhoza kusiyana kotheratu.

Zonsezi zimavuta popanda mayendedwe. Laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga zimachitikira ndi ya ku South Africa kapena ku Zimbabwe, choncho lembetsani mayeso olemba ndi oyendetsa m'miyezi yoyambirira, chifukwa mzere wake ndi wautali. Podikira, musachite manyazi kupempha kukwera nawo popita ku tchalitchi cha mudzi wina. Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi anthu amene amatenga anzawo, ndipo midzi yambiri ili ndi gulu la odzipereka otengera anthu ku chipatala pa mtengo wa mafuta okha. Konzekeraninso nyengo yozizira, pamene mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo ndipo misewu yambiri ya m'midzi ilibe magetsi. Gulani tochi ndi chovala chonyezimira choyendera m'mbali mwa msewu, lembetsani kwa dokotala wa m'dera lanu musanadwale, ndipo fufuzani tsiku limene holo imatsegulidwa kuti anthu amwe khofi kapena msuzi wotentha masana, chifukwa m'miyezi imeneyi munthu wogwira shifiti ya usiku akhoza kutha sabata yathunthu osalankhula ndi wina aliyense kupatula okalamba amene akuwasamalira.